Tisamangoti "Ndi Ukalamba" Pamene Maso a Makolo Athu Akuzima

Pali mau awiri amene atsekera okalamba ambiri khomo la cipatala kuno kum'mawa, ndipo mauwo ndi akuti "ndi ukalamba". Agogo akalephera kulowetsa ulusi pa singano timati ndi ukalamba. Akamasankha nshawa nasiya zoola m'licero timati ndi ukalamba. Akaleka kutsegula buku la nyimbo m'chalichi timati analoweza kale pamtima. Koma akapambana ndi mpongozi wao pa njira osam'patsa moni, pamenepo za ukalamba timaiwala, timati ayamba mwano.

Ukalamba suthawika, zimenezo palibe wotsutsa. Koma pakati pa zinthu zimene timaunjika m'dengu la ukalamba pali nthenda yokhala ndi dzina lace, ndipo zina mwa zimene zimaifulumizitsa zili m'manja mwathu, m'madimba mwathu ndi m'matumba a malaya athu. Madokotala amaichula ndi zilembo zitatu, AMD. Ife pano tiziti nthenda ya macula.

Kumbuyo kwa diso, m'kati mwenimweni, muli kansalu kopyapyala kamene kamalandira kuwala ndi kutumiza cithunzi ku ubongo. Pakati pa kansaluko pali kamalo kakang'ono, kosakula kuposa njere ya nyemba, kochedwa macula. Amene tinalawako Cilatini tikumbukira kuti macula lutea ndiye kuti banga lacikasu, ndipo cikasu cimeneci musaciiwale cifukwa tibwererako tikafika pa nkhani ya ndiwo. Kamaloka ndi kamene timawerengera, kusokera, kuona nambala pa sikelo ndi kuzindikira nkhope ya munthu. Mbali yotsala ya kansalu ija imaona za m'mphepete, monga ng'ombe yobwera ca kumbali kapena citsa ca pa njira.

Munthu akapitirira zaka 50, makamaka 60, kamalo aka kangayambe kutha. Pansi pace pamaunjikana tizinyalala tacikasu, ndipo timinyewa toona timafa pang'onopang'ono. Poyamba munthu amangofuna kuwala kwambiri kuti awerenge. Kenaka zilembo zimasowa pakati pa mau. Mzere woongoka, monga felemu la citseko kapena mtengo wa magetsi, umaoneka wokhota. Potsiriza pakati pa ciliconse cimene wayang'ana pamakhala mtambo kapena banga lakuda, pomwe m'mbali akuonabe. Sizipweteka. Diso silifiira, silituluka manthongo, ndipo mukaliyang'ana lili mbee ngati la mwana. Apa ndi pamene nthendayi isiyana ndi ng'ala, imene ikakhwima aliyense amaiona yoyera pa mwana wa diso. Ndiye cifukwa cace a pabanja sakhulupirira. Amati, "Nanga si dzulo lomweli anapita okha ku dimba, lero akuti saona bwanji?"

Nthendayi ili mitundu iwiri. Wouma ndiwo wofala, umagwira odwala pafupifupi asanu ndi anai mwa khumi alionse, ndipo umayenda mwakacetecete kwa zaka zambiri. Wonyowa ndi wa anthu ocepa koma ndi waukali. Timitsempha tacilendo timamera pansi pa macula ndi kudontha madzi kapena magazi, ndipo munthu angataye kuona kwa pakati m'masabata owerengeka cabe.

Wina afunsa kuti, kodi iyi si nthenda ya azungu? Funsoli lili ndi maziko. N'zoona kuti imapezeka kwambiri mwa anthu a ku Ulaya, ndipo kuno kwathu zimene zimacititsa khungu kwambiri ndi ng'ala ndi glaucoma, nthenda imene imapha mtsempha wa diso kuyambira m'mbali ndipo imakonda anthu akuda. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera kuti mwa anthu 1 biliyoni amene vuto lao la maso likanapewedwa kapena silinathandizidwe, 94 miliyoni ndi a ng'ala pomwe 8 miliyoni ndi a macula. Koma kucepa si kusakhalapo. Ku Nakuru m'dziko la Kenya, m'zaka za 2007 ndi 2008, anapima maso a anthu zikwi zingapo a zaka 50 kupita m'tsogolo, alimi ndi a m'tauni ngati ife tomwe. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa khumi anali ndi zizindikiro zoyamba, ndipo mmodzi mwa 100 anali nayo yokhwima. Werengani okalamba a pa parishi yanu, muone ngati nambala imeneyo ndi yosekera. Tikumbukirenso kuti masiku ano tikukhalitsa. Ca m'ma 2000 Mzambia ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka za m'ma 40, lero zapitirira 60. Matenda amene kale sitinkawafikira tsopano tikuwafikira.

Zaka sitingazibweze, ndipo mtundu umene tinabadwira sitingausinthe. Ngati atate kapena amai anu anali ndi vuto lotere, inu muli pa ngozi yoposa anzanu. Koma cinthu cacikulu koposa cimene munthu angacite ndi manja ace ndi cimodzi, ndipo ticichula ngakhale tidziwa kuti ena satiyamika: fodya.

Ofufuza m'maiko ambiri agwirizana kuti wokoka fodya ali pa ngozi yodwala nthendayi kawiri mpaka kanai kuposa wosakoka, ndipo imam'peza msanga. Utsi umaononga timitsempha tating'ono todyetsa macula, umacepetsa mpweya wabwino m'magazi, ndiponso umatha cikasu cija coteteza diso. Sizitengera kuti ndi ndudu ya m'sitolo kapena balani wopiringa pa pepala la kope, utsi ndi utsi. Ndipo sumathera m'cifuwa ca wokoka yekha. Kafukufuku wa ku Britain wa m'caka ca 2006 anapeza kuti okhala nyumba imodzi ndi wokoka naonso ngozi yao imakwera. Inu abambo amene mumayatsa balani m'nyumba nthawi ya cisanu, zitseko zili zotseka, mukukoketsa amai a kunyumba ndi adzukulu popanda kuwapempha. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti amene anasiya zaka zopitirira 20 zapitazo anali ngati amene sanakokepo. Ndiye wa zaka 40 akasiya lero, adzafika pa 60 atatsuka mbale yace. Wa zaka 65 asanene kuti nthawi yatha, pakuti ngozi imayamba kutsika kucokera pamene wasiya.

Tikudziwa dziko limene tikulembera. Ku Chipata, Chipangali, Kasenengwa, Vubwi, Chadiza mpaka ku Lundazi, fodya wa bale waphunzitsa ana, wafolera nyumba ndi malata, wagula ng'ombe. Sitikuuza mlimi kuti agwetse cigafa cace mawa, pakuti amene angalamule zotero ayambe wabweretsa mbeu ina ya mtengo wofanana ndi msika wace. Cimene tikunena ndi cakuti kulima fodya sikukakamiza munthu kumukoka. Wolima thonje sadya mankhwala opopera. Vuto la kwathu kuno ndi lakuti fodya wotsala pa cigafa ndi waulere, kotero mnyamata wa zaka 15 amayamba popanda kutulutsa ngwee, ndipo pofika zaka 55 wakoka zaka 40. Zambia inavomereza pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2008, ndipo caka comweco boma linaletsa kukoka pa malo a anthu ambiri. Lamulo limenelo silifika pa bwalo la nsolo kapena pa maliro usiku. Kumeneko malamulo ndi a mafumu ndi akulu a mpingo, ndipo ndi iwowo amene tikuwayang'ana. Makampani ogula fodya naonso, amene amadziwa mlimi aliyense ndi nambala yace pa nthawi yodula ngongole, sangalephere kuimika tenti yopimira maso pa malo ogulitsira.

Amai okalamba amene amaika fodya wopera m'mphuno kapena m'kamwa asadzione ngati opulumuka. Fodya ameneyo ali ndi nikotini yemwe amakweza BP, ndipo BP ndi mdani wina wa diso.

Tsopano tibwerere ku cikasu cija. Macula ndi yacikasu cifukwa imasonkhanitsa zinthu ziwiri zocokera m'zakudya, lutein ndi zeaxanthin, zimene zimasefa kuwala koopsa monga momwe mthunzi wa mtengo umatetezera nazale. Thupi silipanga zimenezi palokha. Zimacokera m'masamba obiriwira kwambiri, m'cikasu ca dzira ndi m'cimanga cacikasu. Dzina lakuti zeaxanthin linatengedwa ku dzina la Cilatini la cimanga, Zea mays. Inde, cimanga comwe cija cacikasu cimene ambiri a ife tinacida pa cilala ca 1992 n'kumati ndi cakudya ca ziweto.

Apa ndi pamene mlimi wa kum'mawa ali wolemera kuposa wa m'tauni, akanadziwa. Nkhwani imene ena amati ciwawa, bonongwe, kholowa, cigwada, khwanya, cisoso, luni, mpiru ndi repu, zonsezi ndi za banja la masamba amene ofufuza amawayamikira. Zambiri zimamera zokha kuseri kwa khola. Cimene cimatidabwitsa n'cakuti munthu akagulitsa soya kapena fodya napeza ndalama, cinthu coyamba kucotsa pa mphasa ndi masamba. Amati wathawa umphawi. Amagula kabici woyera, buledi ndi zakumwa za shuga, ndipo mlendo akabwera amapepesa kuti "mutikhululukire, lero ndi ciwawa cabe". Kupepesa kumeneko n'kwacabe. Kabici wa m'kati, woyera uja, ali ndi cikasu cocepa kwambiri poyerekeza ndi tsamba lobiriwira la dzungu. Kafukufuku wa boma ndi WHO wa mu 2017 anapeza kuti Azambia asanu ndi anai mwa khumi sadya zipatso ndi masamba okwanira, m'dziko limene mango amaolera pansi mu December.

Kaphikidwe nako kali ndi mbali yace. Zinthu ziwiri zija zimalowa bwino m'thupi zikayenda ndi mafuta, kotero ndiwo zotendera ndi nsinjiro zimaposa zongowiritsa ndi mcere. Amai athu amene anatendera ciwawa ndi nshawa za Chalimbana anali madokotala osadziwa. Nshawazo zilinso ndi vitamini E. Koma kuphika masamba mpaka asanduke bii, kuthira soda wambiri ndi kutaya madzi ace kumaononga mavitamini ena. Mfutso woyanika pa mthunzi umasunga zambiri kuposa woyanika pa dzuwa la pa thanthwe. Dzira lisakhale la alendo okha kapena logulitsa kuti tigule sopo, agogo alawe kangapo pa sabata. Nsomba nazo, kapenta, usipa wocokera ku Malawi, ngakhale zouma za pa mlatho wa Luangwa, anthu amene amazidya kawirikawiri apezeka kuti nthendayi siwagwira kwambiri.

Za cimanga ca olenji cimene cinatulutsidwa muno mu 2012, ndi kandolo wofiira m'kati, tinene mosamala. Zimenezi anazikonza makamaka cifukwa ca vitamini A, amene amateteza ana ku khungu la usiku, ndipo iyo ndi nkhani ina. Ndi zakudya zabwino, zibzalidwe, koma wina asakuuzeni kuti ndi mankhwala a macula.

Cenjezo lalikulu lipite kwa ogulitsa mabotolo. Masiku ano pa Kapata, m'mabasi a ku Lusaka ndi pa mafoni pali anthu otsatsa mapilisi amene akuti amatsuka maso. Coonadi cace ndi ici. Ku America, bungwe la boma loona za maso linacita kafukufuku wamkulu wochedwa AREDS, zotsatira zace zinatuluka mu 2001. Anapeza kuti msanganizo wa vitamini C, vitamini E, beta-carotene, zinc ndi kopa unacepetsa ndi gawo limodzi mwa magawo anai ngozi yakuti nthenda ikule, koma kwa okhawo amene anali nayo kale pa msinkhu wa pakati kapena yokhwima m'diso limodzi. Kwa munthu wa maso abwino sanapeze phindu, ndipo maso otayika kale sanabwerere. Mu 2013 kafukufuku waciwiri anacotsamo beta-carotene naikamo lutein ndi zeaxanthin, cifukwa beta-carotene wa m'mapilisi anapezeka kuti amakweza ngozi ya khansa ya m'mapapo mwa okoka fodya ndi amene anakokapo. Taonani tsono: mlimi wokoka balani agula botolo losadziwika pa basi kuti apulumutse maso, osadziwa cimene cili m'katimo. Mapilisi otere amwedwe pokhapokha wa cipatala atayang'ana m'kati mwa diso nanena kuti akufunika. Cimodzimodzi madzi a zitsamba, mkodzo, shuga kapena mkaka wa m'mawere zodonthezera m'maso. Nthenda ili kumbuyo kwa diso kumene dontho silifika, ndipo cimene dontholo lingacite ndi kuwocha kutsogolo kumene kunali bwino.

BP ndi shuga tizichule mwacidule cifukwa zimanenedwa kawirikawiri. Kafukufuku uja wa 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sadziwa. Kupimitsa pa kiliniki sikutenga nthawi. WHO imati mcere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wa m'kapenta ndi wa m'nsomba zouma. Wa shuga apimitse maso caka ndi caka cifukwa shuga ili ndi njira yaceyace yoonongera kansalu komweko. Za dzuwa, umboni wace pa macula si wolimba monga wa fodya, koma pa ng'ala ulipo, ndipo cipewa ca mlaza sicidula.

Pali kupima kumene aliyense angacite pakhomo popanda ndalama. Dokotala wa ku Switzerland, Marc Amsler, anakonza pepala la timabokosi m'zaka za m'ma 1940, ndipo likugwirabe nchito mpaka lero. Tengani tsamba la m'kope la masamu la mdzukulu, lija la timabokosi, muike kadontho kakuda pakati. Khalani poyera, valani magalasi owerengera ngati muli nao, gwirani pepala monga mugwirira buku. Tsekani diso limodzi ndi dzanja, linalo liyang'ane pa kadontho osasuntha. Ngati mizere ikuoneka yokhota, yoduka, kapena mbali ina yasowa, cimeneco ndi cizindikiro. Mukatero sinthani diso. Kutseka diso limodzi ndiye mtima wa nkhani, pakuti diso labwino limabisa lodwala, ndipo ambiri amadzazindikira laciwiri litagwidwa kale. Kamodzi pa sabata n'kokwanira.

Mizere ikakhota mwadzidzidzi, musadikire kuti mukolole kapena kuti a FRA alipire. Mtundu wonyowa uli ndi mankhwala, jekeseni wolasa m'diso momwemo amene amaumitsa timitsempha todontha tija. Wayamba kugwiritsidwa nchito m'maiko ambiri kuyambira ca m'ma 2006, ndipo wasunga maso a anthu oculuka. Koma amathandiza akafika msanga, cipsera cisanapangike, ndipo amabwerezedwa kangapo, poyamba mwezi ndi mwezi. Mtundu wouma ulibe mankhwala oucizira. Amene anavomerezedwa ku America mu 2023 amangocedwetsa. Yambirani pa kiliniki yanu kuti akulembereni kalata. Kuno tili ndi Chipata Central Hospital, tili ndi cipatala ca Mwami kufupi ndi malire a Malawi cimene cadziwika ndi nchito ya maso kwa zaka zambiri, tili ndi St Francis ku Katete. Ngakhale zitapezeka kuti si macula, ulendowo sunapite pacabe. Ngati ndi ng'ala, opaleshoni yace ndi yaifupi ndipo munthu amaonanso. Ngati ndi glaucoma, madontho oyenera amasunga zimene zatsala.

Kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi a NHIMA tili ndi pempho. Lengezani poyera, m'Cinyanja, pa Breeze FM ndi pa Radio Maria, kumene jekeseni ameneyu amapezeka, mtengo wace, ndi mbali imene inshuwalansi imalipira. Kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550. Nkhalamba ya ku Vubwi yosaona bwino singayende yokha, ndiye kuti matikiti ndi awiri, kupita ndi kubwera, mwezi ndi mwezi. Banja liyenera kudziwa zonsezi lisanagulitse ng'ombe.

Nanga amene maso anapita kale? Pano ndi pamene mitima yathu iyesedwa. Nthendayi kawirikawiri siifikitsa munthu mu mdima wa bii. Amatha kuyenda, kusenza madzi, ngakhale kupalira. Cimene wataya ndi nkhope ndi zilembo, ndipo wotaya zimenezo ndi wosavuta kum'bera. Nkhani ya Isake, amene anadalitsa mwana wina m'malo mwa wina cifukwa maso anali atazima, tonse tiidziwa. Lero zimacitika pa sikelo ya vendala, pa pepala la malo limene agogo auzidwa kuti adinde cala, ndi pa foni pamene mdzukulu wapatsidwa nambala yacinsinsi kuti akatape ndalama za mtukula pakhomo. Munthu wotere asagulitse mbeu kapena kudinda pepala popanda mboni imene wasankha yekha. Mukakumana naye yambani ndinu kulankhula, muchule dzina lanu. Galasi lokulitsa zilembo, nyale yowala bwino ndi mbale ya mtundu wosiyana ndi nsima zimabweza ulemu wambiri pa mtengo wocepa.

Cina n'covuta kucikamba koma tiyenera. Ena amene maso afooka amayamba kuona zinthu zimene palibe: maluwa pa khoma, tianthu tating'ono, nyama, nkhope zacilendo. Eni ace amadziwa kuti si zenizeni. Katswiri wina wa ku Geneva, Charles Bonnet, analemba zimenezi mu 1760 ataziona pa agogo ace aamuna, ndipo madokotala amazichula ndi dzina lace mpaka lero. Ndi ubongo umene ukudzipangira zithunzi cifukwa diso laleka kuutumizira. Si misala, si ziwanda, si ufiti. Koma taganizani mai wamasiye wa zaka 75 pa mudzi, amene sapereka moni, amayang'ana anthu ca m'mbali cifukwa ndi mmene angawaonere, ndiye tsiku lina aulule kuti usiku anaona tianthu pa khomo. Tonse tidziwa dzina limene adzapatsidwa, ndi zimene zimatsatira dzinalo. Malamulo a dziko lino amati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mafumu a pansi pa Gawa Undi ndi Nkosi yama Nkosi Mpezeni, mlandu wotere ukafika pa bwalo lanu, yambani mwatumiza wonenedwayo kukapimitsa maso.

Dera lino si lacilendo pa nchito yosamala osaona. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata pomwepa, ndi kumene maphunziro a akhungu anayambira m'dziko lino mu 1905, pa mishoni ya Dutch Reformed. Koma nchito imeneyo yakhala ya ana, ndipo wotaya maso pa zaka 70 alibe sukulu yopitako. Miphakati ndi magulu a alimi angatseke mpata umenewu. Alembi a mphakati ali nao kale maina a okalamba onse amene amayenderedwa. Pa ulendo wotsatira, woyendera odwala anyamule tsamba la timabokosi m'thumba, apime agogo diso limodzilimodzi, ndipo amene aona mizere yokhota dzina lace lipite kwa nasi wa pa kiliniki sabata yomweyo. Tsiku lokumbukira maso pa dziko lonse limakhala Lacinai laciwiri la October, mvula isanayambe ndipo miseu ikali youma. Makomiti a zaumoyo a m'midzi alembe makalata tsopano opempha a cipatala ca maso kuti adzafike pa tsikulo.